Zipangizo zikubwera, koma kodi aphunzitsi takonzeka kuthandiza mwana wosamva?

Musanapitirize kuwerenga, imani pagalasi ndipo mutchule mawu atatu awa mosatulutsa liwu: phala, bala, mbala. Onetsetsani milomo yanu. Mupeza kuti ikuyenda chimodzimodzi katatu konse, chonsecho loyambalo ndi chakudya cha m'mawa, lachiwiri ndi chilonda, lachitatu ndi munthu woba nkhuku za eni. Umu ndi momwe mwana wa vuto la kumva amalandirira phunziro tsiku ndi tsiku. Amatola tizidutswa pamilomo ya mphunzitsi, kwinako n'kumangoganizira. Mphunzitsi akatembenukira kubolodi uku akulankhula, ngakhale tizidutswa tija timasowa.

Masiku ano nkhani ya zipangizo zamakono m'sukulu ili m'kamwam'kamwa. Matabuleti akugawidwa m'sukulu za pulayimale, makompyuta akufika m'masekondale ena, ndipo pafupifupi mphunzitsi aliyense ali ndi foni m'thumba. Ena akuti zimenezi ndizo zidzathetse mavuto a ana osamva. Ine monga mphunzitsi wa pasukulu ya sekondale yoyendera yakumudzi ndikuvomereza kuti zipangizozi zingathandize kwambiri. Koma khasu sililima lokha. Funso loti tidzifunse ndi lakuti, kodi dzanja logwira khasulo lakonzeka?

Ana amenewa tili nawo m'makalasi mwathu

Tikamva za ana osamva, ambiri timaganiza za amene samva konse ndipo amalankhula ndi manja. Amenewo alipo, ndipo dziko lino lili ndi sukulu zapadera zowaphunzitsa monga Mary View ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Koma gulu lalikulu ndi la ana amene amamva pang'ono, kapena amamva khutu limodzi lokha. Awa ali m'sukulu wamba, ndipo ambiri sanapimidwepo makutu chibadwire.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina, ndipo vuto la kumva lili m'gulu la mavuto ofala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti ana 34 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto lalikulu la kumva, komanso kuti pafupifupi 60 mwa 100 ya mavuto a kumva mwa ana amabwera ndi zinthu zopeweka. Kwathu kuno zinthuzo tikuzidziwa: mafinya otuluka m'khutu kwa miyezi osalandira chithandizo, malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, ngakhalenso mankhwala ena amphamvu akaperekedwa mosasamala.

Mwana wotere m'kalasi amazindikirika ndi tizinthu ting'onoting'ono. Amapendeketsa mutu kuti khutu labwino liloze kwa mphunzitsi. Amasuzumira m'kope la mnzake asanayambe ntchito. Ukamufunsa za kum'mawa, amayankha za kumadzulo, anzake n'kuseka. Posakhalitsa amapatsidwa mayina: wamwano, waulesi, wogona m'mutu. Kenaka amasamukira kubenchi yakumbuyo komwe palibe amene angamufunse funso, ndipo tsiku lina sabweranso.

Ngakhale ochokera kusukulu zapadera zija amathera m'manja mwathu. Zambiri mwa sukuluzo ndi za pulayimale. Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 nthawi zambiri amasankhidwira kusekondale komwe amaphunzira limodzi ndi anzake akumva. Masekondale ena ali ndi chipinda chapadera chothandiziramo ana aulumali komanso mphunzitsi wa luso la ntchitoyi, koma sukulu zambiri zoyendera zakumudzi zilibe. Choncho amene akuyembekezeka kugwiritsa ntchito zipangizo pothandiza mwana wosamva ndi mphunzitsi wamba wa masamu, wa Chichewa kapena wa zaulimi.

Zomwe wailesi ndi tabuleti zatiphunzitsa

Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 kaamba ka Covid-19, boma linayesetsa kuti ana a pulayimale apitirize kuphunzira kudzera pawailesi. Inali nzeru yabwino poti wailesi imafika kutali. Koma kwa mwana wosamva, miyezi yonse ija inali ya tchuthi chabe. Apa m'pomwe tinaonera kuti chipangizo chomwecho chikhoza kutsegulira ena khomo uku chikutsekera ena.

Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT, yomwe ikupereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzira kuwerenga ndi masamu, ndipo cholinga n'chakuti ifikire sukulu zonse za pulayimale za boma. Amene mwaonapo ana akugwiritsa ntchito matabuletiwa mukudziwa kuti mwana aliyense amavala zomvera m'makutu, poti malangizo ambiri amabwera kudzera m'mawu. Kafukufuku amene akatswiri a ku University of Nottingham ndi a ku University of Malawi anatulutsa mu 2018 anaonetsa kuti ana aulumali amapindula ndithu ndi masamu a patabuleti, koma amene anali ndi vuto la kumva kapena la chilankhulo ankapita patsogolo pang'onopang'ono poyerekeza ndi anzawo.

Izi sizikutanthauza kuti matabuleti ndi oipa. Zithunzi zake n'zooneka bwino, mwana amabwereza ntchito kangapo popanda womukalipira, ndipo amadziwa nthawi yomweyo ngati wakhoza. Zonsezi n'zokomera mwana wosamva. Chofunika ndi mphunzitsi amene angazindikire kuti mwana uyu akungogunda paliponse poti sanamve malangizo, n'kukhala naye pansi kumuonetsa chochita. Popanda mphunzitsi wotere, mwana amakhala ndi tabuleti m'manja, alendo n'kujambula zithunzi zokongola, iye osatolapo kanthu.

Kachipangizo ka m'khutu kali ndi malamulo ake

Chipangizo choyamba chomwe mphunzitsi amakumana nacho si kompyuta ayi, koma kachipangizo kothandizira kumva komwe mwana amavala kukhutu. Masiku ano timapezeka mosavuta kusiyana ndi kale, poti chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi chipatala cha makutu cha ku African Bible College ku Lilongwe zimapima makutu ndi kupereka tizipangizoti, ndipo nthawi zina akatswiri ake amayendera maboma.

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana akavala kachipangizoka ndiye kuti wachira, monga momwe mandala amathandizira maso. Sizili choncho. Ntchito yake ndi kukweza mawu, ndipo kamakweza zonse: mawu a mphunzitsi, kukhuluka kwa mabenchi, kutsokomola kwa anzake, ndi mvula pamalata. Kamagwira bwino wolankhula akakhala pafupi, mamita awiri kapena kucheperapo. M'kalasi la ana 80 lopanda siling'i, mwana wokhala kumbuyo amangolandira chiphokoso, mutu n'kuyamba kuwawa, iye n'kukavula.

Tambiri mwa tizipangizoti timayendera timabatire tating'ono tonga batani la malaya, tomwe timatha pakangopita masiku angapo kapena masabata awiri, ndipo sitipezeka pagolosale yapamudzi. Batire lake ukangolimatula kapepala limayamba kutha, kaya ukuligwiritsa ntchito kaya ayi. Mbali yolowa m'khutu imapangidwa molingana ndi khutu la mwiniwake, tsono mwana akamakula imayamba kukhwepa, kachipangizo n'kumalira ngati wenzulo. Chinyezi cha m'dzinja ndi phula la m'khutu zimatseka kapaipi kake.

Pasukulu ina ya m'dera lathu, mtsikana wa Fomu 2 analandira kachipangizoka kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Teremu yonse kanakhala m'chikwama. Anthu ankati mwanayo ndi wosayamika. Zoona zake zinali zakuti kapaipi kanatsekeka ndi phula, ntchito yoti ikanatheka m'mphindi zisanu pakanakhala wodziwa. Operekawo anasiya katundu, koma sanasiye luso.

Chonsecho luso lofunikalo si la digiri. Pali njira yachidule imene katswiri wina dzina lake Daniel Ling anakonza: mphunzitsi amabisa pakamwa, n'kutchula maliwu asanu ndi limodzi, a, u, i, m, s ndi sh, mwana n'kumakweza dzanja kapena kubwereza akamva. Maliwuwa akuimira mawu okhuthala ndi opyapyala omwe timagwiritsa ntchito polankhula. Mwana akalephera kumva lomwe dzulo anamva, ndiye kuti pali chavuta. Zimatenga mphindi imodzi m'mawa. Koma ndi aphunzitsi angati amene anaonetsedwapo zimenezi?

Foni ndi pulojekita

Kusekondale chida chomwe tili nacho kale ndi foni. Mphunzitsi akhoza kujambula notsi ndi zithunzi za phunziro la mawa n'kuonetsa mwana wosamva lero, kuti mawu atsopano asamudzidzimutse. Akhoza kusunga mavidiyo a sayansi oonetsa momwe magazi amayendera m'thupi kapena momwe mbewu imamerera, zinthu zovuta kufotokoza kwa munthu amene sakumva. Akhoza kulemberana mauthenga ndi makolo. Komwe kuli pulojekita ndi sola, kalasi lonse limapindula.

Koma nazonso zili ndi misampha yomwe munthu wakumva saiganizira. Tikafuna kuonetsa vidiyo timatseka mazenera kuti mude, ndipo mumdimamo mwana saonanso milomo kapena manja a mphunzitsi. Timakonda kufotokoza vidiyo ili m'kati, kuiwala kuti wakumva amaona ndi maso uku akumva ndi makutu, pomwe wosamva ali ndi khomo limodzi lokha. Sangayang'ane chithunzi ndi nkhope ya mphunzitsi nthawi imodzi, komanso sangalembe notsi uku akutsatira zolankhulidwa. Njira yake ndi kuonetsa, kuimitsa, kudikira kuti maso ake abwerere kwa inu, kenaka n'kufotokoza. Vidiyo yopanda mawu olembedwa m'munsi ndi theka la phunziro kwa iye.

Palinso mapulogalamu a pafoni osandutsa mawu olankhulidwa kukhala olembedwa, monga Live Transcribe imene Google inatulutsa mu 2019. Ndi odabwitsa ukawayesa m'chipinda cha zii. M'kalasi laphokoso, ndi Chingerezi chathu chosakaniza ndi Chichewa apa ndi apo, amalemba zina zoseketsa ndi zina zosocheretsa. Nthawi zambiri amafunanso intaneti yodalirika, yomwe kumudzi ndi ya apo ndi apo ndipo imadya m'thumba. Mphunzitsi wokonzeka amadziwa nthawi yowakhulupirira ndi nthawi yotenga choko n'kulemba yekha.

Gwero la zonse ndi chilankhulo

Ngakhale mawu atalembedwa molondola, pali phiri lina. Mwana amene anabadwa wosamva sanamvepo Chichewa kapena Chitumbuka cha amayi ake. Chilankhulo chake chenicheni ndi cha manja, chomwe chili ndi malamulo akeake a kasanjidwe ka mawu. Chingerezi chomwe timaphunzitsira kusekondale, chomwenso amalembera mayeso a JCE ndi MSCE, amachiphunzira ndi maso okha. N'chifukwa chake ambiri amawerenga movutikira ngakhale ali anzeru kwambiri. Kumupatsa ndime yaitali ya Chingerezi pakompyuta n'kunena kuti tamuthandiza ndi kudzinamiza.

Ena mwa ife, pofuna kuthandiza, timatsitsa mavidiyo a chilankhulo cha manja pa YouTube. Tisamale. Chilankhulo cha manja si chimodzi padziko lonse. Cha ku America n'chosiyana ndi cha ku Britain, moti polemba zilembo m'malere Aamerica amagwiritsa ntchito dzanja limodzi pomwe Angerezi amagwiritsa ntchito awiri. Malawi ali ndi chake, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa mtanthauziramawu wa chilankhulochi. Buku limeneli likanayenera kupezeka m'chipinda cha aphunzitsi cha sukulu iliyonse, ndipo foni ndi chida chabwino chosungira mavidiyo a zizindikiro zake, poti chizindikiro chimayenda pomwe chithunzi chapapepala chimangoima.

Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 24 la panganolo likunena za kuphunzitsa ana osamva m'chilankhulo choyenera ndi kulemba ntchito aphunzitsi odziwa chilankhulo cha manja. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe lalowedwa m'malo ndi la 2024, komanso ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021. Papepala tili bwino. Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a luso lapaderali kwa zaka zambiri, koma koleji imodzi singakwanitse sukulu zikwizikwi. Ambiri mwa ife a dipuloma tinangolawako phunziro la ana aulumali kwa nthawi yochepa, lodzaza ndi matanthauzo oloweza, osagwirako kachipangizo ka m'khutu kapena kucheza ndi munthu wosamva.

Madandaulo a aphunzitsi ndi omveka

Ndikudziwa zomwe aphunzitsi anzanga anganene. Makalasi ndi odzaza, silabasi ndi yaitali, ndipo oyang'anira amatiyeza ndi chiwerengero cha okhoza mayeso. Sukulu zambiri zakumudzi zilibe magetsi. Foni ndi yanga, bandulo ndimagula ndekha ndi malipiro omwe safika pa 20. Malamulo a sukulu zambiri amaletsa ophunzira kubwera ndi foni. Tsono mukufuna ndisiye ana 79 chifukwa cha mmodzi?

Awa si madandaulo a anthu ouma mtima. Ndi zoona kuti boma silingatule udindo wonse pamutu pa mphunzitsi. Koma tikumbukire kuti zambiri zothandiza mwana wosamva zimathandiza kalasi lonse. Kulemba mawu ofunika pabolodi, kulankhula titayang'ana ana, kubwereza funso lomwe wina wafunsa kumbuyo, kuonetsa chithunzi m'malo mongolongosola, kuletsa phokoso: ndi mwana uti amene sangapindule nazo? Ana athu ambiri akumudzi Chingerezi chimawadutsa ngakhale makutu awo ali bwinobwino. Phunziro looneka ndi maso limawatola onse.

Vuto lina ndi mantha. Aphunzitsi ena, makamaka amene sanakule ndi zipangizozi, amaopa kuchita manyazi pamaso pa ana kapena kuononga katundu wodula n'kulipitsidwa. Zotsatira zake makompyuta amakhala otsekeredwa mu ofesi, ataphimbidwa ndi nsalu, kudikira alendo. Mantha amenewa sathetsedwa ndi kalata yochokera kulikulu. Amatha munthu akagwira chipangizo kangapo pali mnzake womuwongolera.

Tichitenji tsono?

Choyamba, Unduna wa Zamaphunziro ndi mabungwe opereka zipangizo aziika ndalama ya maphunziro a aphunzitsi, mabatire ndi kukonzetsa m'bajeti yomweyo yogulira katundu. Asanagule pulogalamu iliyonse azifunsa ngati mwana wosamva angaitsatire, ndipo ofunsidwawo akhale anthu osamva enieni.

Chachiwiri, makoleji osula aphunzitsi, a pulayimale ndi a sekondale omwe, aphunzitse chilankhulo cha manja cha Malawi ngati phunziro lochita ndi manja lokhala ndi mayeso ake. Wophunzira uphunzitsi asatuluke asanasinthepo batire la kachipangizo ka m'khutu ndi kuphunzitsapo kalasi lomwe muli mwana wosamva.

Chachitatu, ife amene tili kale pantchito tili ndi misonkhano ya m'magulu a sukulu zoyandikana komanso malo a TDC. M'malo moti maphunziro azichitikira kunyanja kwa anthu ochepa omwewomwewo, mphunzitsi wa luso lapadera wa m'dera aziyendera magulu amenewa teremu iliyonse. Anthu akuluakulu osamva a m'madera mwathu aitanidwe kudzatiphunzitsa, ndipo alipidwe monga akatswiri, poti chilankhulocho n'chawo.

Chachinayi, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu aunikenso lamulo la foni kuti mwana amene akuifuna pophunzira aloledwe moyang'aniridwa. Agwirizane ndi chipatala chapafupi kuti ana a Fomu 1 ndi a Sitandade 1 aziunikidwa makutu. Tsiku la 3 March, lokumbukira za kumva padziko lonse, ndi la 23 September, la zilankhulo za manja, ndi mpata wabwino wochitira zimenezi.

Kwa inu makolo, khutu la mwana likamatuluka mafinya musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, thamangirani kuchipatala. Mwana akapatsidwa kachipangizo, bwerani nako kusukulu tidzaphunzire limodzi kasamalidwe kake. Ndipo mayina onyoza aja tiwasiye, poti mwana amene amasekedwa amabisa kachipangizo kake m'thumba.

Kwa aphunzitsi anzanga, tisadikire galimoto yobweretsa makompyuta. Lolemba likubwerali tiyang'ane m'kalasi mwathu, tipeze mwana amene amapendeketsa mutu uja, timusunthire kutsogolo chakumbali komwe angaone nkhope yathu ndi za anzake, ndipo timufunse chomwe chimamuthandiza. Tiphunzire zizindikiro zisanu pasabata. Pofika kumapeto a chaka zidzakhala zoposa 150. M'mera m'poyamba. Tsiku lomwe zipangizo zidzafike pasukulu pathu, zidzapeze mphunzitsi amene akumudziwa kale mwanayo ndi zosowa zake.